Magolo Amene Ndinawotcherera

Kalata ya akuluakulu a ligi inafika Lachiwiri m'mawa. Tcheyamani wa timu yathu, yemwe ndi mwini butchala ya kuseri kwa depoti, anabwera nayo ku shedi kwanga ali wefuwefu, epuloni yamagazi ikadali m'khosi. Anandipeza ndikuwotcherera geti la munthu, ndipo anaima pafupi ndi moto n'kuyamba kuvina, mpaka ndinazimitsa makina kuopa kuti angapse maso.

"A Zitsulo, alemba okha! Onani chidindo ichi! Takwera ligi!"

Zoti takwera tinkazidziwa kale, popeza tinamaliza chaka tili pamwamba, koma pepala lachidindo lili ndi kukoma kwakekwake. Anawerenga mokweza, akulondola mzere uliwonse ndi chala chonona. Akuluakuluwo ankafuna mpanda wozungulira bwalo, ndipo tinali nawo. Ankafuna chipinda chovaliramo alendo, ndipo chinalipo, ngakhale chitseko chake chinkatseguka ndi phewa. Kenako anafika pa magolo: kuchokera mzati uwu kukafika uwo pakhale mamita asanu ndi awiri ndi masentimita 32. Woyeza abwera Lachisanu.

"Apa ndiye palibe nkhani," anatero tcheyamani. "Magolo athu ndi achitsulo, opangidwa ndi katswiri."

Katswiriyo ndinali ine.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, timu yathu inali kagulu chabe ka anyamata omenya mpira pafumbi, kuseri kwa malo ochekera matabwa. Majezi anali a mitundu itatu, ndipo wina ankasewera atavala malaya a ulonda. Magolo anali amitengo. Chiswe chinkawadya chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina mtanda unagwera goloboyi wa alendo pamsana masewero ali mkati. Mawa lake tcheyamani anandibweretsera mapaipi amadzi kuti ndipange magolo osadyedwa.

Aliyense wa ntchito yanga amadziwa kuti paipi imabwera ya mamita sikisi. Ndinaigoneka pansi, ndinaona kuti yachepa, ndiye ndinalumikizako kachidutswa ka theka la mita kamene kanatsala pa geti lina. Ndinapala pamfundo, ndinapaka penti yoyera, ndinaima chapatali n'kutsinzina diso limodzi. Ndinati golo ndi limeneli. Linalo ndinalipanga chimodzimodzi. Panalibe amene anafunsa, ndipo ineyo sindinkadziwa kuti pali munthu kwinakwake amene anakhala pansi n'kulemba muyeso wa golo.

Ndinadzazimva patapita zaka zisanu, pa wailesi, pa pulogalamu ya mafunso. Ndinapita kubwalo ndi tepi yanga ngati ndikungodziyendera, ndipo ndinapeza kuti masentimita 82 kulibe. Ndinati ndikonza sabata yamawa. Koma nthawi imeneyo pagolo panali pataima kale munthu amene tauni yonse inkamutcha Loko, wometa tsitsi wa pamsika, wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja ngati mafosholo. Ndipo Lokoyo anali atangokwatira kumene mwana wanga wamkazi.

Pabwalo pathu munthuyo sankadutsitsa kanthu. Anthu anamupekera nyimbo, yakuti "Loko watseka, kiyi wataya," ndipo ankaiimba ngakhale pokweza matumba pa lole. Kumabwalo a eni ake ankagoletsa ndithu, koma zifukwa sizinkasowa: basi inatopetsa anyamata, woyimbira anali wakwawo, dzuwa linali kumaso. Ine ndinkavomereza nawo mokweza kuposa onse. Anthu anayamba kudzadza kubwalo kudzaona Loko, ndipo timu inakula pamsana pake. Tinamanga mpanda, ndinawotcherera mabenchi, tinagula majezi ofanana, ana a sukulu anayamba kuvala masokosi m'manja kuti akhale ngati iye. Ndiuzeni, ndani akanaima pakati pa zonsezi n'kunena kuti golo ndi lopapatiza? Ndinatseka pakamwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Lachisanu woyeza anabwera pa basi ya m'mawa. Anali mayi wamfupi, wamagalasi, atanyamula ambulera ndi tepi yaikulu yopukusa. Anazungulira mpanda, anakankha chitseko cha alendo ndi phewa n'kuseka, anayeza mizere. Theka la tauni linkamutsata pambuyo. Mkamwini wanga anali atatseka babashopu kuti adzaone, ndipo ine ndinkayenda kumapeto kwenikweni ngati munthu wopita kukazula dzino.

"Goloboyi wanu ndi uti?" anafunsa mayiyo titafika pagolo. "Agwire iyeyo tepiyi, ndi nyumba yake ino."

Mkamwini anagwira nsonga ya tepi pamzati, akumwetulira. Mayiyo anayenda mpaka pamzati winawo, anawerama, anawerenga, anapukuta magalasi n'kuwerenganso. Kenako anapitirira mzatiwo, akukoka tepi, n'kukazika ambulera yake pansi.

"Mzati uyenera kukhala apa."

"Tepi yanuyo yafutukuka ndi dzuwa, mayi!" anakuwa tcheyamani.

"Bweretsani yanu, bambo."

Onse anatembenukira kwa ine, chifukwa tepi yanga siichoka palamba. Ndinayang'ana kumwamba ngati kuli ndege.

Mkamwini anasiya tepi ija. Anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pampata wa pakati pa mzati ndi ambulera. Anakwanapo bwinobwino, malo n'kutsalako. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, ndipo kumwetulira kuja kunali kutapita.

Mayiyo sanali wankhanza. "Zina zonse zili bwino," anatero akupukusa tepi. "Muli ndi masabata atatu. Ndaonapo magolo opindika, ena ansungwi, koma operewera mwaukhondo chonchi ndi oyamba. Amene anawotcherera ali ndi dzanja labwino."

Chibadwire sindinayamikiridwepo mowawa chomwecho. Anthu anaseka mpaka kugwirana, ndipo pamene ndinkati ndimuyang'ane mkamwini, anali atatuluka kale pageti.

Mawa lake masana mwana wanga anabwera ku shedi, mdzukulu wanga ali kumbuyo. Sanakhale pansi.

"Adadi, munkadziwa?"

Ndinayamba kufunafuna hamala imene inali m'manja mwanga.

"Ndiye kuti munkadziwa. Bambo a mwanayu aponya magolovesi pamwamba pa kabati. Auza akochi kuti apeze goloboyi wina. Akuti zaka zonsezi anthu ankaimbira paipi yanu. Dzulo sanadye, lero ameta munthu mbali imodzi n'kumuiwala pampando." Anakweza mwana pamsana. "Mwathyola ndinu. Si paja mumati palibe chitsulo chimene simungalumikize?"

Ndinamva manyazi, komanso mantha. Munthuyo anali ndi zaka 34. Akanachoka pagolo tsiku limenelo, sakanabwereranso, ndipo akanakalamba akukhulupirira kuti mbiri yake yonse inali bodza la apongozi ake.

Tsitsi pamutu panga linatha kalekale, latsala lam'mbali lokha, koma Lolemba ndinakakhala pamzere ku babashopu. Nthawi yanga itakwana, mkamwini anandifunditsa nsalu mwaulemu wonse, monga amachitira nthawi zonse, n'kuyatsa makina. Tinaonana pagalasi.

"Timete bwanji, bambo?"

"Mmene mungathere, apongozi. Ndabwera kudzanena kuti ndinkadziwa."

Makina anaima pafupi ndi khutu langa. Ndinazindikira mochedwa kuti nkhani ngati iyi siyenera kuuzidwa munthu amene wagwira chometera.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chaukwati wanu."

Anayatsanso makina n'kumeta mbali imodzi. Amene anali pabenchi anasiya kuwerenga nyuzi.

"Mukudziwa, bambo," anatero kenako, "kumabwalo a eni ake ndinkadabwa. Ndimadumpha mmene ndimadumphira kwathu, mpira n'kudutsa kunsonga kwa zala. Ndinkati ndi mantha. Ndinkadzida panjira yonse yobwerera."

Zimenezi zinandilasa kuposa kutukwanidwa. Ndinayamba kumuuza zimene ndinakonzekera: kuti magolo onse awiri anali ofanana, kuti goloboyi wa alendo naye ankaima pagolo lomwelo koma ankamwa zigoli zitatu, kuti paipi siidumpha. Anangopukusa mutu.

"Anyamata athu anazolowera kulasa golo lopapatiza. Alendo ankamenya mzati chifukwa m'mutu mwawo munali golo lina. Ndi kangati kamene mpira unamenya mzati anthu n'kuimba dzina langa?"

Zinali zoona. Anamaliza kundimeta n'kundipukuta m'khosi. Ndiye ndinanena chokhacho chimene chinanditsalira.

"Apongozi, kaya ndinu goloboyi weniweni kaya ayi, ine sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Ndinakubisirani ndine. Koma Lachitatu ndikuimika golo lokwana, ndipo mukapanda kuimapo, mudzameta anthu mpaka imvi musakudziwa. Komanso mtandawo ndi wolemera, msana wanga si wakale."

Anakana kulandira chilichonse, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti wandisiyira kamzere katsitsi kuseri kwa khutu. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita dala.

Lachitatu anabwera, wopanda magolovesi, manja ali m'thumba. Ndinali nditadula mitanda yonse pakati n'kulowetsa zidutswa zatsopano, ndipo ndinayeza kasanu, tcheyamani akuwerenga nawo mokweza ngati mboni. Tinakumba maenje atsopano, mzati uliwonse kuusunthira panja masentimita 41. Tinakweza mtanda, iye mbali iyi, anyamata atatu mbali inayo. Simenti itauma Lachisanu, anapita yekha kukaima pakati. Anatambasula manja.

"Muno mukhoza kuimikamo basi yathunthu," anatero.

Ndinali nditaganiza kale chochita, chifukwa mutu wanga umagwira ntchito ndi zitsulo basi. Ndinatenga zitini zinayi za penti zopanda kanthu, ndinaponyamo timiyala, n'kuzipachika ndi waya m'mipata yatsopano ija, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo, china m'mwamba china m'munsi. Ndinauza omwetsa zigoli athu kuti asamenye kwina kulikonse koma zitinizo.

"Chitini chikalira, ndiye kuti paipi yanga ndi imene inkagwira," ndinatero. "Chikapanda kulira, ndinu."

Mkamwini anayang'ana zitini zija. Kenako anatuma mnzake wotchinga kumbuyo kuti akamuuze mkazi wake atsitse magolovesi aja. Mnzakeyo anakumana ndi mwana wanga pageti, atawanyamula kale m'chikwama cha matewera.

Tsiku loyamba zitini zinalira ngati kuli ukwati. Ngwee! Ngwee! Phokoso linkamveka mpaka kudepoti. Anyamata athu, amene anakulira pagolo lopapatiza, ankalasa chitini ngati akuchiika ndi dzanja, ndipo ankasangalala mopanda chisoni. Mkamwini ankadumpha, kugwa, kudzuka, fumbi lili m'kamwa. Ine chitini chilichonse chinkandilira m'mutu. Ogula nyama kubutchala ankawerenga mokweza, ndipo madzulo amenewo anafika pa 26.

Tsiku lachinayi anaimitsa masewero yekha. Anajambula mzere ndi chidendene, anaima, anayesa kudumpha, anabwereranso.

"Ndaona," anatero, osauza munthu aliyense. "Ndimadumpha pomwe ndaima. Pakufunika kaphazi kamodzi kaye."

Kaphazi kameneko kanamutengera masabata awiri. Munthu amene wadumpha mwa njira imodzi zaka khumi, miyendo yake imakhala ndi nzeru zakezake ndipo siimva zonena. Mwana wanga ankati ngakhale popita kubafa ankayenda chammbali, phazi limodzi kenako kudumpha, mpaka anaphwanya beseni. Kubabashopu ankazungulira mpando mwa njira yomweyo, makasitomala atatsinzina. Koma zitini zinayamba kuchepetsa pakamwa. Zinafika pa 15, kenako 9. Lachinayi lomaliza, amayi ogulitsa tomato anatuma uthenga wofunsa ngati timu yasiya kukonzekera, chifukwa anamva kulira kutatu kokha. Woyeza uja anabweranso, anayeza, anasayina, ndipo anafunsa kuti zitini n'zachiyani. Tcheyamani anati ndi zothamangitsira mbalame.

Masewero oyamba a ligi yatsopano anali Loweruka, pakhomo. Alendo anachokera kutauni yaikulu, pa basi yolembedwa dzina lawo m'mbali, ndi dokotala wawo, ndi munthu wina amene ntchito yake inali kunyamula mabotolo basi. Bwalo lathu linadzadza mpaka ena anakwera pamilu ya matabwa. Zitini ndinali nditachotsa m'mawa. Sindinakhale pabenchi la akomiti. Ndinakaima kuseri kwa golo la mkamwini, nditagwira waya wa mpanda ndi manja awiri.

Pa mphindi ya 12, nambala 9 wawo anatembenuka kunja kwa bokosi n'kumenya mpira wapansi. Mkamwini anadumpha pomwe anaima, mwachikale. Mpira unadutsa pamalo enieni pamene panali mzati wakale, n'kugwedeza ukonde.

Bwalo lonse linati zii. Aliyense ankadziwa kuti mwezi wathawo mpira umenewo ukanamenya chitsulo. Ndinamva mawu a munthu mmodzi kumbuyo kwanga akuti, "Loko wathyoka," ndipo ndikanakhala ndi hamala sindikudziwa. Mkamwini anagona chafufumimba kwa kanthawi. Ndinaganiza kuti akadzuka avula magolovesi. Anadzuka, anatola mpira muukonde, anauponya pakati, ndiye anayang'ana mapazi ake n'kuwakalipira mokweza ngati ana osamva. Amene anali pafupi anaseka, ndipo kusekako kunamasula anthu.

Alendo anali ataona pofooka, ndipo anayamba kulasa m'makona mokhamokha. Wachiwiri anabwera mbali yomweyo. Ndinaona kaphazi kaja, kakang'ono, kofulumira, kenako thupi lonse m'malere, ndipo mpira unakankhidwira kunja. Wachitatu unali wam'mwamba, mbali inayo, anaugwira ndi manja awiri n'kugwa nawo. Wachinayi sindinauone chifukwa ndinatsinzina, ndinangomva bwalo likuphulika. Pofika nthawi yopuma, nambala 9 uja ankalankhula yekha.

Chigawo chachiwiri anyamata athu anakumbukira kuti golo linalo nalonso lakula. Wothamanga kumanzere, amene masiku ena amasoka nsapato, anadutsa anthu awiri n'kuuika mpira pakona mofatsa, pamene pakanakhala chitini cham'munsi. Chimodzi kwa chimodzi. Tcheyamani anathamanga m'mbali mwa bwalo monse akukupiza jekete, ndipo anagwa kawiri.

Kutatsala mphindi zitatu, wotchinga kumbuyo wathu anagwetsa munthu pafupi ndi mzere wa bokosi. Alendo anaika mpira. Anthu athu anapanga khoma, mkamwini akuwakuwira kuti asunthe, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Womenyayo anaupinda pamwamba pa khoma. Ndinali kumbuyo kwenikweni, ndipo ndinauona ukubwera molunjika pakona yam'mwamba, mumpata watsopano uja, kumene golo lakale silinkafikako n'komwe. Phazi limodzi, kudumpha, dzanja lamanzere kutambasuka mpaka ndinamva ngati phewa lake lindiwawa ine. Nsonga za zala zinaukhudza. Mpira unamenya mtanda pamwamba n'kugwera kunja, pafupi ndi mapazi anga.

Wezulo yomaliza italira, anthu analumpha mpanda umene tinauvutikira zaka ziwiri. Sitinapambane, koma mukanaona mukanati tatenga chikho. Anamunyamula mkamwini m'mwamba, nyimbo ija ikuimbidwa ndi tauni yonse, ngakhale uja anati wathyoka ankaimba patsogolo. Mwana wanga ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, mdzukulu akudabwa. Inenso ndinalowa m'bwalo. Ndinakhala pansi paudzu, kutsamira mzati wa golo, ndipo chisangalalo chinandidzadza.

Patapita kanthawi ndinaona nsapato zamatope patsogolo panga. Mkamwini anali atatsika pamapewa a anthu. Milomo inali yong'ambika, chigongono chikutuluka magazi. Anagwada pambali panga, mwaulemu wake uja, n'kugogoda mzati ndi golovesi.

"Bambo, mundiuze zoona. Golo ili simunabepo ngakhale chala chimodzi?"

"Ngakhale chikhadabo, apongozi."

"Mbali zonse?"

"Mbali zonse, ndi m'mwamba momwe."

Anapuma mozama, akuyang'ana anthu amene ankavinabe pakati pa bwalo.

"Ndiye zalerozi ndagwira ndine."

"Ndinu. Chija chinalowa chija ndiye tingati ndi changa, chifukwa ndikanakonza kale..."

"Ayi, bambo," anandidula, koyamba chikwatirire mwana wanga. Ankaseka, misozi ikutsika pafumbi la kumaso. "Chimenechonso ndi changa. Musachikhudze."